Ukasochera, Kaime pa Chipilala

Ulendo wa ku tauni yakale ya Kutná Hora ndinaukonza ndine, ndipo cholinga chake chinali kumutseka pakamwa mlongo wanga Dalibor. Iyeyu ndi wamng'ono kwa ine, amakhala ku Prague, kwathu ku Chrudim amangobwera pa Khirisimasi ndi pa Isitala, koma pa nkhani ya bambo athu amalankhula ngati ndiye amawachapira masokosi. Anali atawapezera malo kunyumba ina yosungirako okalamba, ndipo a kumeneko anamuuza kuti pofika Lolemba akhale atayankha, apo ayi bedi alipereka kwa wina. Ine ndinakanitsitsa. Ndinati bambo ali bwinobwino, kuiwala pamene waika magalasi si matenda, iyenso amaiwala tsiku langa lobadwa chaka ndi chaka koma palibe amene anakamutsekera. Tinagwirizana kuti Loweruka tiyende nawo tsiku lonse, awaone ndi maso ake, kenako asiye kundisowetsa mtendere.

Zina sindinamuuze. Ketulo imene inapserera pachitofu ndinakaitaya m'bini ya aneba. Za m'mawa umene ndinawapeza atavala jekete la kufakitale, akufunafuna kiyi wa njinga kuti apite kuntchito imene anapuma kalekale, ndinangosunga mumtima. Ukamakhala ndi kholo lokalamba umaphunzira kusesa m'mbuyo mwake anthu asanaone.

Kutná Hora ndinaisankha dala. Tili ana, nyengo yotentha ikafika bambo ankatikweza sitima kukaona matauni: Polička, Telč, Olomouc, kulikonse kumene tikiti yotchipa inkafika. Tikangotsika ankatilondolera pabwalo la pakati pa tauni, pa chipilala cha Mariya, zija makolo ankamanga mliri ukatha, n'kuika dzanja pamwala.

"Ukasochera, kaime pa chipilala. Usayendeyende, usalire. Ndikupeza."

Tinkawanenera limodzi mowanyogodola, koma lamulo linali lomwelo tauni iliyonse. Ndipo pa matauni onsewo ankakonda Kutná Hora, chifukwa cha nyumba yakale imene mafumu ankasuliramo ndalama zasiliva. Ndinkadziwa kuti kumeneko lilime lawo limasuka, ndipo Dalibor amva yekha kuti mutu ukugwira.

M'sitima ndinawakonzekeretsa ngati mwana wa mayeso. Ndinawakumbutsa kuti mkazi wa Dalibor ndi Romana, woyamba uja Eva anachoka kale, asamutchule. Anandiyang'ana mokwiya n'kundifunsa ngati ndikuwayesa chitsiru. Patapita kanthawi anafunsa ngati Eva abwera. Sangweji imene ndinali nditayamba kudya ndinaibwezera m'chikwama.

Dalibor tinamupeza pakhomo la nyumba yosulira ndalama ija, atavala nsapato zoyera zosayenera konse miyala ya m'misewu ya kumeneko. Bambo anamutchula dzina asanapatsidwe moni, anamugwira pamimba n'kumufunsa ngati ku Prague masitepe onse anafa kuti munthu azingokwera zikepe, mimba izingokula. Dalibor anaseka, ine ndinapuma koyamba tsiku limenelo.

M'kati zinayenda bwino kuposa mmene ndinapempherera. Mtsikana woonetsa alendo ankafotokoza za migodi ndi za mafumu, bambo akugwedeza mutu ngati akumuyesa mayeso ndi iwo. Ine zonsezo sindinamve. Maso anga anali pamapazi awo pamasitepe, pazala zawo pafupi ndi magalasi otchinga zinthu, pakamwa pawo paliponse pamene patseguka. Potsiriza anatilowetsa m'chipinda mmene munali bambo wina wandevu atavala zamakedzana, atakhala pa chitsa chachikulu, nyundo ili m'manja. Anaika kachitsulo kopyapyala pakati pa zidindo ziwiri, anamenya, n'kutionetsa ndalama. Kenako anafunsa amene akufuna kuyesa.

Bambo anakweza dzanja. Ndinafuna kuwagwira mkono, koma Dalibor anali akundiyang'ana, ndiye ndinangomwetulira mano ali gwa. Nyundo ija inali yolemera, ndipo m'mutu mwanga ndinaona kale chala chophwanyika, magazi pansi, ndi mlongo wanga akutulutsa foni. Koma manja amene agwira zitsulo moyo wonse saiwala msanga. Anaimika chidindo, anamenya kamodzi, ndipo chithunzi cha mkango wa michira iwiri chinatuluka bwinobwino pandalamapo. Anthu anaomba m'manja. Bambo sanabweze nyundo.

"Ndipatseniko kena, achimwene," anauza wandevu uja. "Ana ndili nawo awiri. Ndikapatsa mmodzi, nkhondo ya m'sitima sindingaithe."

Chipinda chonse chinaseka, Dalibor kuposa onse. Ndinamugunda ndi chigongono n'kumufunsa chamumtima ngati ameneyu ndi munthu wokamutsekera. Anayang'ana kumbali, ndipo ndinakondwa kwambiri. Chimodzi chokha chinandikhala pakhosi: ndalama ziwirizo sanatipatse. Anazikulunga m'mpango n'kuziika m'thumba la m'kati, ife tili pomwepo pambali pawo. Ndinaziona, n'kudziuza kuti atipatsa pa chakudya.

Tinakadya pafupi pomwepo. Bambo anaitanitsa supu ya adyo ndi mowa waung'ono, anadandaula kuti thovu lachepa, zonse monga mwa masiku onse. Mtima utakhala pansi ndinachita chinthu chimene sindichita ndikayenda nawo: ndinawasiya n'kupita kuchimbudzi. Kumeneko ndinapeza mzere wa amayi a basi yonse ya alendo, aliyense ndi chikwama chake ndi nkhani yake. Pobwera ndinapeza Dalibor akuwerenga za pafoni, mpando wa bambo uli wokha, chipewa chawo palibe pa msomali.

Ndinamufunsa kumene ali. Osadzutsa n'komwe mutu, anati atuluka kukapitidwa mphepo, abwera.

"Wawalola okha?"

Apa ndiye anadzutsa mutu, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Nanga si ali bwinobwino, achemwali? Mwanena nokha."

Foni yawo inali m'chikwama mwanga, chifukwa akaisunga okha amaiika m'firiji, ndipo Dalibor anaona ndikuitulutsa n'kuibwezeramo. Anaika ndalama patebulo, tinatuluka, panja bambo ndi chipewa chawo chotuwa osaoneka.

Tinagawana njira. Iye analowera kumtunda, kutchalitchi chachikulu cha Barbara Woyera, ine ndinabwerera kunyumba ya ndalama. Pachipata ndinakumana ndi ukwati ukutuluka, anthu akuwaza mpunga, ndipo ndinadutsa pakati pa mkwati ndi wojambula osapepesa. Wogulitsa matikiti anati sanawaone. Wandevu uja anawakumbukira, anati nkhalamba ya dzanja labwino ija, koma sinabwerenso. Kuseri kwa nyumbayo kuli paki yotsetsereka, masitepe amiyala, makoma aatali, ndipo kumunsi kwake kamtsinje. Ndinasuzumira pakhoma lililonse mtima uli m'mwamba, ndikuopa kuona jekete lawo labulawuni pansi. Aliyense amene ndinamufunsa za bambo wachikulire wa chipewa chotuwa ankangoloza uku ndi uku, chifukwa Loweruka tauni imeneyo imadzaza ndi abambo achikulire a zipewa zotuwa.

Dalibor anandiimbira foni. Kutchalitchi kulibe, panjira ya zifaniziro zamiyala yopita kutchalitchiko kulibe. Anati aimbira apolisi. Ndinamupempha kuti adikire pang'ono. Ndinkaopa kuti bambo agwa penapake, inde, koma ndinkaopanso wapolisi akufunsa ngati munthuyu amasochera kawirikawiri, Dalibor ali pomwepo akumva yankho. Anandifunsa kuti zayamba liti zimenezi. Ndinadula foni.

Ndili chiimire pakona, thukuta lili kamukamu, mawu a bambo aja a chipilala anandibwerera okha. Ndinathamangira pabwalo lalikulu, chikwama chikundimenya m'chiuno, ndikudzitukwana kuti sindinaganize msanga. Ndinafika pakati penipeni n'kuzungulira. Matebulo, maambulera, magalimoto, ana akunyambita ayisikilimu. Chipilala panalibe. Ndinazunguliranso ngati mwina chinabisala kuseri kwa ambulera. M'mutu mwanga matauni onse a ubwana anali atasanduka bwalo limodzi, Mariya ali pakati, ndipo sindinaganizepo kuti pangakhale tauni imene inachita zosiyana. Ndinaganiza kuti bambonso anafika pomwepa, anasowa chipilala, n'kupitirira kukachifuna kaya kuti.

Pabenchi panali mayi wina wachikulire ndi kagalu. Ndinamufunsa mopanda moni kuti chipilala cha Mariya anachichotsa liti. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kunena kuti palibe amene anachotsapo kanthu, kwawo kuno Mariya sanaimepo pabwalo chiyambire, ali kumsewu wakumtunda uko, ndikhote pakona. Anawonjezera kuti alendo a masiku ano amangothamanga osayang'ana. Sindinamuthokoze n'komwe.

Nditakhota ndinachiona, chakuda ndi ukalamba, anthu a mumgodi osemedwa pamwala ali m'munsi mwake. Ndipo bambo anali pomwepo, chilili, chipewa kumutu, dzanja lili pamwala monga kale. Ndinatsamira khoma kuti mpweya ubwerere. Misozi isanaume ndinali nditayamba kale kukonza zokamuuza Dalibor: waona, ife awiri ndi masukulu athu tinaiwala pamene chipilala chili, iwo akumbukira, atsata lamulo, wosokonezeka mutu ndani pamenepa? Ndinamulembera uthenga pafoni kuti ndawapeza, abwere pa chipilala, kumtunda kwa bwalo. Ndinakonza tsitsi n'kuyenda pang'onopang'ono kuti ndisawadzidzimutse.

Atandiona anavula chipewa.

"Pepani mayi, ndikuvutitseni. Simunaonepo ana awiri? Mtsikana wa juzi yofiira, tsitsi loluka, ndi kamnyamata konenepa. Ndawataya pakhamu paja."

Ndinati, "Bambo, ndine Blanka."

Nkhope yawo inawala pang'ono. Anati dzina labwino, mwana wawonso ndi Blanka. Kenako maso awo anabwerera kumsewu, akuyang'ana mwana aliyense wodutsa. Anali ndi mantha kuposa anga. Anati mtsikanayo sawadetsa nkhawa kwenikweni, ndi wanzeru, koma wamng'onoyo amatengeka ndi agalu, ndipo akabwerera kunyumba opanda ana, mayi awo awapha. Amayi tinawaika m'manda Dalibor asanakwatire n'koyamba komwe.

Ndinawagwira mkono n'kuwauza kuti tiyeni tikakhale pabenchi, padzuwa pano atopa. Anauchotsa mwaulemu koma mwamphamvu, monga mmene munthu amachitira ndi mlendo wozolowera msanga.

"Ndinawauza kuti ndiwapeza pano. Ndikachoka, akabwera apeza ndani?"

Ndinangoima pambali pawo, nanenso n'kuyang'ana kumsewu.

Dalibor anatulukira akupuma mwawefuwefu, nsapato zoyera zija zitada, nkhope ili yofiira. Ndinaona kuti mawu onse amene anawakonza panjira ali pamlomo. Asanatsegule pakamwa, bambo anamuvulira chipewa n'kumufunsa funso lomwe lija, juzi yofiira, kamnyamata konenepa. Mlongo wanga anaima ngati wamenyedwa mbama. Anayang'ana bambo, anayang'ana ine. Ndinkayembekeza kuti anena kuti paja ankanena, ndipo ndikanalola, koma sananene. Anameza malovu n'kuyankha kuti sanawaone, koma angathe kudikira nawo. Anakaima mbali inayo.

Bambo anatithokoza, anati anthu abwino akadalipo. Anatulutsa mpango uja, anaufunyulula, n'kutionetsa ndalama ziwiri zija, imodzi ya mtsikana, ina ya mnyamata, zofanana ndendende kuti pasakhale ndewu. Dalibor anatembenukira kumbali n'kuyamba kusisita m'maso ngati mwalowa fumbi.

Ndinazungulira kumbuyo kwa bambo n'kumunong'oneza Dalibor.

"Lolemba uwaimbire anthu a kunyumba ya okalamba aja. Uwauze kuti tavomera."

Sanandiyang'ane. Anangogwedeza mutu kamodzi.

Bambo anakulunganso ndalama zija, anaziika m'thumba, n'kubwezera dzanja pamwala. Anatiuza kuti ngati tili ndi kopita tisadzivute, tizipita, ana abwera ndithu.

"Mtsikanayo ndimamudziwa," anatero. "Blanka wanga sangandisiye ndekha."