Kudina Kachitatu kwa Mayi Glenys

Mumsewu wathu ku Launceston panalibe amene sanamve kuti Mayi Glenys agula mbaula yoyakira timibulu ta utuchi wa paini. Ngakhale wobweretsa makalata anauzidwa kawiri. Ati yawo ndi yongodina batani, osati ya Mayi Noelene apakhomo loyandikana, yofuka ngati basi yakale.

Ndiye Loweruka lina m'mawa, chisanu cha Julaye chitayeretsa kapinga, anaitana a Noelene ku tiyi kuti adzadzionere okha. Mdzukulu wa a Glenys, Tully, wa miyezi isanu, anamugoneka pachikopa cha nkhosa, pafupi penipeni ndi galasi la mbaulayo.

Anadina. Timibulu tinayamba kugwera m'kambale ka moto, tho, tho, tho. Moto osaoneka. Paja thumba la timibuluto linagonera mvula m'shedi yodontha.

"Kodi imayaka Lolemba lokha, amwali?" anafunsa a Noelene, akupaka jamu pasikono.

A Glenys anakumbukira bwinobwino mawu a mmisiri amene anaiika: ikakana, khuthulani kaye kambaleko musanadinenso. Koma kugwada n'kumapala timibulu, Noelene akuonerera? Mawa lake msewu wonse ukanadziwa. Anadinanso. Kenako kachitatu.

Galu wawo wokalamba, uja sachoka pambaula ngakhale mum'kankhe, anadzuka n'kutuluka.

Mulu wa timibulu unasefukira m'kambale muja. Kuseri kwa galasi kunadzaza utsi woyera, wokhuthala ngati mkaka, ukuzungulira pang'onopang'ono. Lawi panalibe. Tully ankauseka, akuponya timiyendo.

"Ikubwera," anatero a Glenys. Anayang'ana mwanayo. Kumusuntha kukanakhala kuvomera.

A Noelene anali atasiya kutafuna.

"Glenys, zaka makumi anayi ndikusonkha nkhuni. Utsi umenewo ukungodikira moto. Chotsa mwana."

"Musandiphunzitse m'nyumba mwanga, mwamva?"

Pansi pa mulu panaoneka kadontho kofiira ka moto.

Inu, Mayi Noelene aja amadandaula mawondo tsiku lililonse, koma anadumpha! Anatsomphola Tully n'kutembenukira kukhoma. Pomwepo, phuu! Galasi lonse linamwazika m'chipindamo.

Mwana analira, wamoyo, wopanda bala. Pachikopa paja, pamene panali pakadali polowa chifukwa cha kamutu kake, panagona chidutswa cha galasi chachikulu ngati dzanja.

A Glenys anangoti njo, chala chili m'mwamba. Kumbuyo kwawo timibulu tinkagwabe, tho, tho, tho.