Kutentha kwa Munthu Mmodzi

1.
Elube wagona pakati pa migolo ya vinyo, wafunda chitenje. Pansi pano mpozizira. Mizere iwiri yakumana.

2.
Mayi Somanje adakumbitsa phanga m'phiri loyang'ana ku Chikwawa kuti vinyo wawo wa malambe asapse ndi dzuwa. Asanakumbitse lachiwiri adaitana Ndaziona, mng'ono wake wa Elube, yemwe ntchito yake ndi kumanga nyumba mu kompyuta n'kuifunsa kuti idzatentha bwanji. Mzere wofiira, zolosera za kompyuta. Mzere wobiriwira, zoona zake, zochokera pa kachipangizo kopachikidwa m'phangamo.

Ikumane, adatero mayiwo. Ikapanda kukumana, ntchito ya phanga lachiwiri ndipatsa wina.

3.
Zimene Ndaziona adauza kompyuta:
dothi lakatondo
kuya kwa phanga
chitseko chachitsulo
babu limodzi
dzuwa la Okutobala
anthu: palibe

4.
Masana alionse wobiriwira unkadzutsa mutu. Pang'ono chabe. Wofiira uli phee.

5.
Kiyi wa phanga ankasunga a Dzimbiri, mwamuna wa Elube.

Alamu, adatero kwa Ndaziona, taonani miyendo ya akulu anuwa mmene yatupira. Mwezi wawo ndi uno. Nyumba yathu ija ndi uvuni wamalata. Akagona m'phangamo masana okha, mutu umaleka.

Vinyo akugona pabwino kuposa ife anthu, adatero Elube, akuseka, dzanja lili pamimba. Iwe Nda, makina akowo sadziwa kusunga pakamwa?

Sadziwa, achemwali.

Atengera iwe.

6.
Ndaziona adayamba wanamizira chitseko, kompyuta idakana, adanamizira babu, idakana, adati kapena dothi ndi lamchenga, kapena phanga silakuya monga adamuuzira, kapena dzuwa la chaka chino lapenga, idakana zonse, ndipo Lachisanu linkayandikira, tsiku loti akaonetse mayi aja, mpaka zala zake zidalemba zokha, munthu mmodzi, wogona, masana, ndiye wofiira udadzuka n'kukakumbatira wobiriwira ngati pachibale.

7.
Munthu? Mayi Somanje adavula magalasi. M'vinyo mwanga? Ndani?

Ine ndalemba munthu, mayi. Dzina sindinalembe.

Mwana iwe uli ndi mutu.

Kiyi adachoka m'thumba la a Dzimbiri dzuwa lisanapendeke.

8.
Iwe Nda. Ntchito ya phanga lachiwiri idakhala yako. Udagula nsapato zatsopano, ndipo podutsa kwa achemwali ako unkayenda mbali ya kumsewu kuti angazimve kulira.

9.
Malata.
Masana.
Mutu.
Maso achita mdima.
Galimoto yachedwa.
Apita onse awiri, Elube ndi mwana.

10.
Maliro saikidwa mwini mbumba asanafike, ndipo malume adali kutali, kutsidya kwa Shire. Dzuwa silinkadikira malume.

Mayi Somanje adabwera ndi shuga, adagwada pakati pa azimayi, adalira bwino ndithu. Kenako adakodola Ndaziona kuseri kwa nyumba.

Anthu akundiyang'ana ngati mfiti. Phanga lija ndi lozizira, malemu angathe kudikira m'menemo. Koma tayamba wafunsa makina akowo. Vinyo wanga saonongeka?

Ndaziona adakhala pa mwala, adatsegula kompyuta pamiyendo.

anthu: mmodzi
wogona
masana ndi usiku
kutentha kwake:

Chala chidaima m'malere. Kenako chidatsika pa ziro.

Saonongeka, mayi.

11.
Elube wagona pakati pa migolo ya vinyo, wafunda chitenje kumutu komwe. Pansi pano mpozizira. Kiyi wabwerera m'thumba la a Dzimbiri. Akhala pakhomo la phanga, sakulira, akungopalasa dothi ndi chala chakuphazi.

Alamu, makina anu akuti bwanji lero? Akulu anu sakusokoneza?

Ndaziona wayang'ana pa kompyuta. Pamiyendo pake wofiira wagona pa wobiriwira, osasiya mpata ngakhale wa tsitsi limodzi.

Mizere iwiri yakumana.