Phungu Wosadulidwa Mawu

Bambo Anselmo Querol anali atamaliza nkhomaliro kalekale, koma pampando sanasunthe. Kwawo ku Spain, mbale zikachotsedwa mpamene macheza amayamba. Mkuluyu anakhala phungu ku Nyumba ya Malamulo ya mayiko a ku Ulaya kufikira imvi zitati mbuu, ndipo atabwera kudzapuma ku Dubai anasowa womumvetsera, kupatula Clifford, woperekera zakudya mu hotela imene ankagonamo.

Clifford anali ndi yake nkhawa. Limenelo linali tsiku lomaliza loti akapimidwe magazi ku chipatala cha ku Oud Metha. Kupanda kutero, viza ikanatha, ntchito nayo nkuthera pomwepo. Koma iye analeredwa ku Ntcheu, kumene wamkulu akamayankhula mwana sachokapo. Choncho anaimirira, manja kumbuyo.

"Ndinalimbana ndi Afalansa pa nkhani ya tomato wathu, mwana wanga. Ku Brussels ankati akandiona, ena nkudwala mutu."

"Zoona, bwana."

"Za malire osodzera nsomba ndiye sindinayambe nkomwe."

"Zoona, bwana."

Kasuba, mnzake wa ku Zambia, anadutsa ndi mbale namunong'oneza: "Iwe mudala, yalla, fulumira. Uyembekeza chani, akusiyire chuma?"

"Ndichoke bwanji? Ndi msinkhu wa bambo anga awa."

"Bambo ako sapereka viza."

Nawo Bambo Querol anali atatopa, kukhosi kutauma gwa. Moyo wawo wonse ankasiya kuyankhula pokhapokha wina akawadula, ndipo ankadabwa kuti munthu wovomera chilichonseyu adzawamasula liti.

Dzuwa litapendeka, Clifford analimba mtima. "Pepani bwana, ndikuduleni. Kuchipatala anditsekera."

"Ambuye atamandike. Nthawi yonseyi umadikira chiyani? Ine ndimafuna kukagona, iwe nkumangoti zoona, zoona. Wandizunza kuposa Afalansa aja."

Basi ya kampani yonyamula antchito inali itapita. Mkuluyo, akudandaulabe, anaitanitsa galimoto nakwera naye. Anafika kuchipatala kuja pamene mlonda ankakoka chitseko.

"Khalas, tatseka, mubwere mawa," anatero mlondayo.

Bambo Querol anaika phazi pakhomo, nakonza jekete, nayamba kufotokoza mmene mayiko otukuka amatanthauzira nthawi yotsekera, kuyambira pa chiyambi penipeni. Mlondayo, munthu waulemu, sanapeze powadulira. Clifford anadutsa chammbali nakapinda mkono wa malaya pamaso pa namwino.

Atatuluka thonje lili pamkono, anapeza nkhani isanafike nkomwe pakati. Mlonda anamuyang'ana ndi maso opempha chithandizo.

"Aduleni, achimwene," anatero Clifford. "Mukapanda kutero, tonse tigona pano."