Diso la Mphezi

Bambo wina, yemwe anzake ankamutchula kuti Mphezi, anali wowotcherera zitsulo, ndiye diso lofiira silinali lachilendo m'nyumba mwawo. Koma ulendo uno mkazi wake anakayika. Matuza anatuluka pachipumi, mbali ya kumanzere yokha, ena mpaka pansonga ya mphuno, ndipo bamboyo ankabuula ngakhale kamphepo kakangomukhudza chikope.

Mkaziyo anamuuza kuti apite kuchipatala. Kodi anamva? Anakafunsa anzake kuntchito. Madokotala a manja a girisi aja anamuzungulira n'kugamula mlandu: diso lapsa ndi kuwala kwa moto wowotcherera, matuzawo ndi moto wothetheka. Mankhwala ake ati ndi kudonthezamo mkaka n'kumanga kansalu konyowa, onse amatero. Bwana wawo anawonjezera kuti mageti a makasitomala sangadikire munthu wolirira kadiso.

Mkaziyo zinamunyansa. Moto wanji wosankha mbali imodzi ya nkhope n'kukaima pakati penipeni pa mphuno, ngati wina walemba ndi rula? Mphezi anangoti ntchito imeneyi akazi saidziwa, n'kupitiriza kutapa mkaka wa ana ndi kasupuni.

Tsiku lomwe anaphonya kapu pothira tiyi, tebulo lonse n'kunyowa, mkaziyo sanapemphenso. Anamubisira nsapato za kuntchito n'kumukokera kuchipatala.

Dokotala wa maso anati ndi mashingozi, ndipo alowa m'diso. Matuza a pamphuno aja ndiwo anali chenjezo, mankhwala akanayambidwa msanga bwenzi zinthu zili bwino. Tsopano diso linali ndi chipsera. Anati ayesetsa, koma sakulonjeza kanthu. Mkaziyo analira ndi mkwiyo njira yonse yobwerera.

Diso lija linachita mtambo woyera osabwereranso. Bwana uja anabwera kudzazonda chimanjamanja, n'kudzikhazika pampando wabwino. Atapatsidwa tiyi, anazungulirazungulira n'kufika pomwe anadzera: wa diso limodzi amaphonya polumikiza zitsulo, ndiye malo a Mphezi aikapo wina.

"Komanso inu mayi," anatero bwanayo akutakasa shuga, "munthu kudwala chonchi, osathamangira naye kuchipatala? Kulibe kamkaka kothira mu tiyimu?"

Botolo la mkaka linali patebulo pomwepo, lodzaza. Mkaziyo analinyamula bwanayo akuona, n'kulitsekera m'kabati.

"Mkaka kulibe, bwana. Unathera m'diso la amuna anga."