Galu Woseka ndi Alendo

Kampani yotsatsa malonda imene ankagwirako ntchito itatsekedwa, Malume anasamukira kwa mchemwali wake ndi sutukesi komanso kompyuta yothetheka pakona. Pakhomopo aliyense ankamutchula Malume, ngakhale alamu ake enieniwo, amene ankaweta agalu ogulitsa m'makola awaya kuseri kwa nyumba.

Tsiku lina Malume akutsuka mbale za agalu, alamu akewo anati, "Malume, mutu wanuwo unkagulitsa sopo ndi matayala. Agaluwa angakukanikeni?"

Chithereni ntchito, panalibe amene anamupemphako nzeru. Anapukuta m'manja, n'kukoka mpando, n'kukhala pamaso pa makola aja. Mtundu uliwonse anauona ngati kampani yokhala ndi mfundo zake, ndipo anaupatsa chizindikiro ndi mawu. Jemani shepadi anamulembera kuti, "Inu gonani, ife tili pantchito." Tiagalu toyera taubweya tija anatilembera kuti, "Kukongola si mlandu." Rotiwaila, wa chimutu ngati mtondo, anamupatsa mawu akuti, "Sitiseka ndi alendo."

Zithunzi za agaluwo ndi mawu aja zitafalikira m'mafoni, anthu anasiya kutchula mitundu. Ankangoti, "Tikufuna wosaseka uja." Mmodzi wa ogula anali mayi wina wamasiye, telala, amene mwana wake wokhala kutali anamuumiriza kuti apeze galu wolusa.

Patapita miyezi, alamu aja analandira foni nkhope ili gwaa.

"Malume, atelala aja akuti tinawanamiza. Galu akuseka ndi aliyense. Kam'tengeni, tiwapatsa wina."

Malume anapeza geti la kwa atelala lomangidwa ndi kawaya. Asanaodire n'komwe, chigalu chachikulu ngati thole chinathamanga, n'kumunyambita m'manja, kenako n'kumubweretsera silipasi.

"Mwaonatu nokha," anatero mayiwo ali pakhomo, tepi ili m'khosi. "Wowerenga mita ya magetsi amamuperekeza mpaka pamsewu. Mvula ikagunda amalowa pansi pa makina osokera, mbuyo yonse ili panja."

"Pepani amayi, mawu aja ndinalemba ndine," anatero Malume. "Kungoti mwiniwakeyu sanawawerenge."

Mayiwo anaseka mpaka kugwira chitseko, koma kusekako kunathera m'njira. Anamulowetsa m'chipinda chosokera, momwe munali zidutswa za nsalu mbwee, madiresi osamaliza atapachikidwa pakhoma. Pambali pa makina panali chikhushoni chosokedwa ndi zigamba zamitundumitundu, pakati pake patalowa.

Malume atamanga galuyo chingwe, mayiwo anayamba malangizo.

"Chakudya chozizira sadya. Khutu lakumanzereli limamuyabwa, muzimupukuta ndi kansalu kofunda. Akalakwa musamukalipire, amasunga kukhosi ameneyu." Anawerama kuti apinde khushoni lija, koma linkangofunyululuka. Anayesanso, kenako anangokhala pansi atalikumbatira. Galu anapita kukatsamiritsa chimutu chake pamiyendo pawo.

"Amayi, kodi mukufunadi kuti apite?"

"Ndi mwana wanga, bambo. Akuti galu wosaluma ndi wongotha chakudya. Sindimuda ayi, ali kutali, ndiye amada nkhawa. Koma chimwalirireni bambo ake, m'nyumba muno munali zii. Pano ndikadandaula za makasitomala, pali wina amatembenuka."

Malume ankamudziwa bwino zii ameneyo. Ndi yemwe ankamudikirira m'kachipinda kake kwa mchemwali wake, pamene ena onse anyamuka kupita kuntchito ndi kusukulu. Anamasula chingwe chija, n'kupempha kuti amuimbire mwanayo.

"Achimwene, ine ndi amene ndinawagulitsa mayi galu," anatero pafoni. "Kuluma ndiye saluma, sindikunamizani. Koma wakuba akasuzumira pampanda n'kuona chimutu ichi, safunsa kuti chimaseka kapena ayi. Chimene chikufunika pano ndi loko wapageti ndi babu lapanja. Galuyu asiyireni mayi."

Kenako mwanayo anafunsa chapansipansi, "Kodi akumadya bwino iwowo?"

"Afunseni nokha, ndi awa."

Anawapatsa foni mayiwo, n'kutuluka kukatenga zida m'galimoto imene anabwera nayo. Ntchito yapageti inachedwa, chifukwa galu uja anakhalira pulayala n'kukana kusuntha, ndipo Malume akawerama ankamunyambita m'khutu. Kudzera pawindo ankamva mayiwo akulankhulabe, nthawi zina kuseka, nthawi zina kumina. Atatuluka anamubweretsera tiyi, n'kuona kolala ya malaya ake yothetheka.

"Vulani amenewo, bambo. Pakhomo pa telala simungachoke chonchi."

Anamwa tiyi uja atavala vesiti yokha, makina akulira m'nyumba.

Atafika kunyumba, alamu ake anasuzumira kumbuyo kwa galimoto. "Nanga galu?"

"Atelala asintha maganizo."

"Nanga buluku lanulo, mumalimbana ndi ndani?"

Linali dovu ndi ubweya zokhazokha. Malume anafotokoza nkhani yonse patebulo, akutsanzira galu wobisala pansi pa makina, mpaka ana anatsamwa ndi kuseka. Mchemwali wake sanaseke kwambiri, ankangomuyang'ana, kenako anamuwonjezera chakudya m'mbale.