Oteteza Nduna Atsala pa Chileka

M'chaka cha 1974 nduna ina inali ndi ulendo wa ku Ulaya, ndipo a January, apolisi osavala yunifolomu ochokera ku Nsanje, anasankhidwa kukaiteteza. Bambowa anali asanakwerepo ndege chibadwire. Mkazi wawo Sellina anafalitsa nkhaniyo ku Nancholi konse kumene ankakhala, mpaka amayi akwaya anabwera kudzawapempherera.

M'mawa wa tsiku lonyamuka, bwana wawo anawaitanira mu ofesi n'kutseka chitseko.

"January, mnzako Kingsford amene ukupita naye sindikumukhulupirira. Kunjako kuli anthu oukira boma. Kuyambira pano uziyenda pambuyo pake. Akayankhula ndi munthu, ulembe."

Chimene a January sankadziwa n'chakuti a Kingsford anali atangotuluka mu ofesi yomweyo, atauzidwa mawu omwewo. Boma la masiku amenewo linkayenda choncho.

Ntchito yotsala inali yochepa: kukatenga masuti a nduna kwa a Umesh, telala wa ku Limbe, n'kufika nawo ku Chileka isanakwane 2 koloko. Dalaivala wa galimoto limene anakwera anawadikira kumsika. Masuti anatenga bwinobwino. Zinavuta potuluka.

"Tsogolani, achimwene," anatero a January.

"Ayi, akulu ndinu, tsogolani," anayankha a Kingsford.

Anaima pakhomopo mpaka a Umesh anawapempha kuti apatse njira makasitomala. Atafika panja, a January anawerama ngati akumanga chingwe cha nsapato kuti mnzawo adutse. A Kingsford anawerama n'kumanga nsapato zonse ziwiri. A January analowa m'sitolo ya mapoto, a Kingsford n'kulowanso, kumagogoda mapoto ngati ali ndi ukwati. Mayi wogulitsa nthochi atapereka moni kwa a Kingsford, a January anatulutsa kabuku n'kulemba. A Kingsford nawo analemba kuti a January akulemba. Msika wa Limbe anauzungulira katatu, amuna akuluakulu, thukuta lili kamukamu, masuti a nduna ali paphewa.

Pamene galimoto linkafika pageti la Chileka, ndege inali itanyamuka kale. A January anaiyang'ana mpaka inabisika m'mitambo. Zinawapweteka kwambiri, misozi inalengeza.

Bwana uja atamva, anawaitanira onse awiri mu ofesi. Akanawaneneza bwanji, popeza wowatuma anali iye yemwe?

"Tamverani," ananong'ona. "Mapepala akuti inu muli ku Ulaya. Wina akakuonani m'tauni muno milungu iwiri isanathe, kundende tikalowa tonse atatu."

Choncho anakabisala ku Chinyonga, m'kachipinda ka a Kingsford, amene anali osakwatira. Pazenera anatchingapo bulangete. Milungu iwiri yathunthu anakhala m'menemo akudya mbatata ndi kusewera bawo, ndipo pa tsiku lachitatu anasonyezana timabuku tawo, n'kuseka mpaka nthiti kuwawa.

Nduna itabwerako, a January anatulukira ku Nancholi. Pabwalo panadzaza anthu, ana atakwera pamtondo kuti aone bwino. Sellina anali atavala chitenje chatsopano, nkhope ili ngwee.

"Bambo a Mildred, tauzani anthuwa. Ku Ulaya n'kotani?"

A January anayang'ana anthuwo. Kunama kwambiri sankatha.

"N'kothinana, mayi," anatero. "Dzuwa sitinalione. Chimbudzi n'chapanja, ndipo nsikidzi zake n'zolusa kuposa zathu."

Anthu anapukusa mitu, kuwamvera chisoni azungu.