Zimene amachita m'galimoto pageti

Mwamuna wabwinobwino safika pakhomo pake n'kukhala m'galimoto ngati mlendo wosochera. Koma amuna ake a telala wina wa madiresi aukwati anali atayamba khalidwe limeneli. Akaweruka ku ntchito yawo ya takisi ankaimika galimoto pageti, kuzimitsa injini, kukweza magalasi, basi zii. Mkazi wawo, ali pa makina pafupi ndi zenera, ankangoona mutu utatsamira kumpando.

Wosoka madiresi aukwati amamvanso nkhani za mabanja otha, ndiye mayiyu sanafunike womuuza. Makasitomala ake onse osiyidwa nkhani yawo inkayambira pomwepo, pa foni ndi magalasi okweza. Chinkamuwawa kwambiri n'choti bamboyo ankalowa m'nyumba ali ofatsa, mpaka kufunsa mapasa awo za kusukulu. Munthu woti kale ankakalipira ngakhale nsapato yosiyidwa pakhomo! Ankawasangalatsa chonchi ndani?

M'mawa wina mayiyo anasolola foni m'thumba la jekete lawo n'kuibisa m'dengu la zidutswa za nsalu. Anaifufuza tsiku lonse, mpaka anasoka mkono wa diresi mozondoka. Munalibe kanthu koma makasitomala ndi makanika. Mtima sunakhale pansi ayi, anangoti ndiye kuti pali foni yachiwiri.

Madzulo galimoto inafika, injini inazima, magalasi anakwera. Mayiyo anatuluka wopanda nsapato, tepi yoyezera ili m'khosi, n'kunyang'ama mpaka kukatsegula chitseko cha galimoto mwamphamvu.

Bamboyo anali otsinzina, dzanja lina pamimba lina pachifuwa, akukoka mpweya ndi mphuno n'kumautulutsa pakamwa ngati akuziziritsa tiyi.

"Ili kuti?" anafunsa mayiyo.

"Chiyani, amake mapasa? Mwandidzidzimutsatu."

"Foni inayo. Musandione ngati chitsiru ine."

Anapisa dzanja pansi pa mpando, n'kutulutsa chiguduli chamafuta ndi sipanala.

"Ndikungopuma," anatero bamboyo. "Anandiphunzitsa anesi tsiku lomwe ndinapita kuchipatala ndi mutu. Kukoka mpweya, kuugwira pang'ono, kuutulutsa. Kenako kumasula mapewa ndi nsagwada."

"Anesi eti? Ndi a msinkhu wanji anesiwo? Nanga m'nyumbamu mpweya unatha kuti muzikapumira m'galimoto?"

Ankayembekeza kuti akalipa, kapena aseka kuti nkhani ithe. Iwo anangoyang'ana manja awo pa chiwongolero.

"Tsiku lomwe mwana anakhuthulira madzi pa mapepala a galimoto, inu munali kukhitchini, simunaone. Dzanja ili linakwera. Ndinalitsitsa, koma linakwera. Tsiku lonse anthu amanditukwana pamsewu, ndiye ndimafika nazo zonse pano. Ndikalowa osayamba ndazitsitsa, wolowa m'nyumbamo sakhala ine. Amakhala bambo anga."

Mayiyo anabweza chiguduli ndi sipanala pansi pa mpando. Anakumbukira apongozi ake aakazi, amene khutu lawo lakumanzere silimva, ndipo banja lonse limangoti anagwa pa masitepe. Iye yemwe anali atawasokera madiresi angapo osafunsa kanthu. Anachita manyazi ndi foni ili m'dengu ija, koma mantha ndi amene anamugwira kwambiri, chifukwa iye anatuluka kudzalimbana ndi mkazi mnzake, osati ndi zimenezi.

M'nyumba munamveka mapazi. Mapasa anali ataona galimoto ndipo ankalimbirana kutsegula chitseko.

"Munali mutamaliza?" mayiyo anafunsa amuna ake motsitsa mawu.

"Ayi. Ndinali nditangoyamba."

Mayiyo anatseka chitseko cha galimoto pang'onopang'ono, n'kuthamanga kukawatsekereza anawo pakhomo. "Bwererani kaye," anawauza. "Adadi sanafike."